Katundu wa Malemu mu Seva ya Sukulu

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta. Ndili ndi kachipinda pa boma pa Dedza, ndipo amene wandiitana ndimapita, kaya ndi ku chipatala, ku parishi kapena ku sukulu. Pa ntchito imeneyi ndakumana ndi makoswe odya mawaya, ndakumana ndi makiyibodi omwetsedwa tiyi, ndakumananso ndi mabwana onena kuti sanakhudze kalikonse chikhalirecho zala zawo zili mbee pa sikirini. Koma palibe chimene chinanditopetsa mtima ngati seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse, ya pa sukulu ina ya mishoni cha ku Bembeke, m'nyengo yozizira imene inatsatira imfa ya aphunzitsi awo a kompyuta.

Anandiimbira foni ndi ahedi a sukuluyo. Bambo amenewa anandiphunzitsa masamu ndili kamtsikana, ndiye mpaka lero akamandiyankhula amayamba ndi "iwe", kenako amakumbukira kuti ndinakula n'kukonza kuti "inu". Anati kompyuta yaikulu yayamba ulesi. Alembi akalowetsa malikisi a mwana, imayamba yaganiza kaye, munthu mpaka kupita kukamwa madzi n'kubwerako isanayankhe. Mayeso a teremu anali atayandikira.

Ndinafika m'mawa nkhungu itaphimba chilichonse, manja anga atauma pa njinga yamoto ya kabaza. Sevayo inali m'kachipinda kuseri kwa laibulale. Kunja ndi bokosi lakuda chabe, koma m'kati mwake malemu anaikamo kompyuta ina yopanda thupi, imene ife timaitchula kuti vi-emu. Mu vi-emu imeneyo ndi mmene munali moyo wonse wa sukulu: mayina a ana, zithunzi zawo, malikisi a chaka chino, ndi zotsatira za amene anamaliza kalekale, aja amabwera kudzapempha kalata yaumboni akapeza mwayi wa ntchito.

Malemuwo anali munthu wosamala, ndiyenera kuvomereza. Analemba kapulogalamu kawo kopanga bakapu, kutanthauza kukopera zonse n'kuzisunga pa disiki ina yakunja, kuti seva ikafa zinthu zisafe nayo limodzi. Kankadzuka kokha tsiku lililonse masana, belu la ku tchalitchi likangolira, chifukwa nthawi imeneyo magetsi sankakonda kuthima. Poyamba kankapanga chimene timati sinapushoti. Ndiko kuuza vi-emu kuti, ima monga ulili ndikukopere, zatsopano zonse uzilemba pambali. Kakamaliza kukopera kankatenga za pambali zija n'kuziphatikiza ndi zakale, n'kuchotsa sinapushotiyo. Vuto linali limodzi. Kukopera kukalephereka, kapulogalamuko kankangoima pomwepo, sinapushoti n'kutsala. Mawa lake kankapanga ina pamwamba pa ya dzulo.

Nditatsegula, ndinangogwira pakamwa. Masinapushoti anali ndandanda kuyambira sabata imene anaika maliro mpaka dzulo lake, umodzi pamwamba pa unzake. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Disiki ya seva inali itatsala pang'ono kudzaza, ndipo bakapu yomaliza imene inatheka inali ya nthawi imene mwini wake anali moyo.

"Ahedi, disiki yakunja ija ili kuti? Imayenera kukhala yolumikizidwa apa."

"Kabokosi kakuda kaja? Kali m'katoni."

"Katoni iti?"

"Ya katundu wa malemu. Tinalongedza zonse zimene anasiya muno: jekete, kapu yawo ya tiyi, mabuku, ndi kameneko. Anagula okha, ndipo analembapo dzina lawo pansi. Zili mu kabati mu ofesi mwanga, zikudikira abale."

Ndinapuma kaye. Ndinawafotokozera kuti panali zinthu ziwiri zofunika kuchita. Choyamba, kabokosiko kabwerere pamalo pake. Chachiwiri, masinapushoti onsewo aphatikizidwe n'kuchotsedwa. Ndipo zichitike msanga, chifukwa kuphatikiza nakonso kumafuna malo. Zili ngati chipinda chodzaza matumba a mbatatesi: kuti uwasanje bwino pamafunika kampata koti uimepo. Kampata kameneko kakatha, vi-emu idzaima pakati pa ntchito, ndipo mulu wonsewo ungasweke. Zikatero malikisi a chaka chonse adzapita, a Fomu 4 omwe.

Ahedi anavala magalasi n'kusuzumira pa sikirini. Apa ndiye pamene zinthu zinaipira. Kapulogalamu kaja kankapatsa sinapushoti iliyonse dzina la mwini wake ndi deti. Ndiye chimene ahedi anaona ndi dzina la malemu, mzere ndi mzere, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Iwe... inu, mukufuna kufufuta zimenezi?"

"Si kufufuta kwenikweni, ahedi. Zonse zimene zili m'katimo zitsala. Chichoke ndi zigamba zokha."

"Koma apa palembedwa dzina la ndani?"

"La malemu."

"Ndiye ndi za malemu. Katundu wa malemu sakhudzidwa eni mbumba asanabwere. Kodi inu munakulira kuti?"

Ndinakulira konkuno, ndipo ndikudziwa. Munthu akamwalira, ngakhale lamba wake sumusuntha mpaka akuchimuna ndi akuchikazi atakhala pansi n'kugawa. Ndinaonapo anthu akudana moyo wonse chifukwa cha wailesi yakufa. Koma fayilo imene makina apanga okha mwini wake ali kale m'manda, nayonso ndi chuma chamasiye? Ndinayesa njira zonse. Ndinati mafayilo amenewa malemu sanawaonepo ndi maso awo. Ahedi anati ndiye zafika poopsa, chifukwa dzina lawo likulembedwabe iwo kulibe. Ndinati tikopere pa disiki yanga. Inachepa, pakuti mulu uja unali utatupa, ndipo pulogalamu ya sukuluyo sinkalola kutapa pang'ono: kutenga zonse kapena kusiya zonse. Ndinati tigule disiki yatsopano. Anati zimenezo mpaka komiti ikumane, ndipo apampando ali ku Lilongwe kudwazika matenda.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero ahedi, akupukuta magalasi.

Ndinafuna kuwayankha kuti Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma munthu amene anakuphunzitsa kugawa manambala sumuponyera mwambi kumaso. Ndinangomeza.

Pasiwedi yaikulu ankasunga ndi iwo. Ankailemba okha, dzanja lina litaphimba ngati mwana wokaniza mnzake kuonera mayeso, kenako n'kukhala pambali panga kundilondera. Nthawi ina anatuluka kukakalipira ana amene ankachita phokoso pakhonde. Ndinatsala ndekha, chilichonse chili chotsegula. Chala changa chinafika mpaka pa batani. Sichinadine. Sindinama, ndinakwiya nacho chala chimenecho kuposa mmene ndinakwiyira ndi ahedi. Sukulu yonse ndinaphunzira ija, koma dzina la womwalira litandiyang'ana, dzanja linakana lokha.

Atabwerera ndinawafunsa kuti eni mbumbawo abwera liti. Anati atsibweni a malemu, amene ndiwo mutu wa banja, amakhala kwa Kaphuka, ndipo akudikira mng'ono wa malemu amene ali ku Joni. Wa ku Joniyo abwera liti? Mwina pa Khirisimasi. Apa n'kuti tili mu Juni.

"Ndipatseni nambala yawo ndiwaimbire."

"Nkhani ya maliro pa foni? Iwe!"

Ndi mmene ndinapezekera m'mawa mwake ndili mu minibasi ya ku Chimbiya, mayi wa satifiketi yanga, kupita kukapempha chilolezo chochotsa mafayilo kwa munthu amene sanaonepo seva chibadwire. Minibasiyo inaima paliponse pamene panali munthu wooneka ngati angaganize zokwera. Pa Chimbiya amayi ogulitsa tomato ndi kabichi anandiunjirira ngati ndabwera ndi lole. Ndinakwera kabaza wina, fumbi ndi mphepo zikundimenya kumaso, ndipo njira yonse ndinkangowerengera mumtima kuti belu la masana likalira, sinapushoti ina ikwera pamwamba pa mulu uja.

Atsibweniwo ndinawapeza kumunda akukumba mbatatesi. Anali bambo wamtali, wachipewa choluka, wosafulumira pa chilichonse. Tinapatsana moni wonse, wa kunyumba, wa ana, wa kuzizira kwa chaka chino. Ndinapepesa za maliro ngakhale panali patapita miyezi. Kenako ndinafotokoza nkhani yanga, nditakhala pa thumba, nsapato zanga za mu ofesi zitadzaza dothi. Anamvetsera osandidula, khasu ali nalo m'manja.

"Mayi, ndifunseko. Zinthuzo mukachotsa, ana a malemu ataya chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Nanga mukazisiya, apeza chiyani?"

"Palibenso."

"Nanga mwavutikiranji ulendo wonsewu?"

Ndinaseka, chifukwa ndikanapanda kuseka ndikanalira. Ndinati ndiye ndiloleni ndikachotse. Apo anayamba kukanda m'chipewa. Anati iwo sangalole chinthu chimene sanachione, ndipo sangakanize chinthu chimene sakuchidziwa. Wa ku Joni uja ndi wovuta, angadzati atsibweni anagulitsa katundu mseri. Koma, anatero, zinthu za kuntchito amene amazidziwa ndi amene ankamuchapira malaya opitira kuntchitoko.

"Kafunseni mayi a anawo. Akalola iwo, ine ndalola. Wina akadzafunsa, mudzati ndinatero ndine."

"Mayiwo ali kuti, bambo?"

Anandiyang'ana modabwa. "Si ali pa sukulu pomwepo? Sanasamuke m'nyumba ija."

Anandipatsa kathumba ka mbatatesi kuti ndikawapatsire apongozi awowo. Ndinabwerera nako pa kabaza, pa minibasi, pa kabaza winanso, katakhala pamiyendo panga. Nditafika pa sukulu madzulo ndinafunsa ahedi kuti nyumba ya malemu ndi iti. Analoza pawindo la ofesi yawo. Inali apo, kuseri kwa mpanda wa maluwa, pafupi moti ukaitana mokweza munthu angavomere.

"Ahedi! Ndazungulira dziko lonse, munthu ali pakhomo pano?"

"Sitinafune kuwadzutsira chisoni. Komanso nkhani ya katundu imayambira kuchimuna. Mwayenda bwino, tsopano tili ndi mawu a eni ake."

Mawu amene anabwera pakamwa panga sindingawalembe pano. Ndinanyamula mbatatesi zija n'kutsogola.

Mayiwo ndi namwino pa chipatala chaching'ono cha pafupi. Tinawapeza atangoweruka, atavala juzi pamwamba pa yunifolomu, chitenje m'chiuno. Anatilandira pabalaza. Ahedi anayamba ndi mawu ozungulira, kupepesa, kutamanda malemu, kupepesanso. Ine ndinkangogwedeza mwendo. Mpata utapezeka ndinafotokoza mwachidule: makina amene bambo anasiya akulephera kusunga zinthu, tsiku lililonse masana amayesa n'kulephera, ndipo tikachedwa malikisi a ana onse atayika.

"Masana?" anafunsa mayiwo. "Belu likangolira?"

"Eya, mayi."

Anadzuka n'kulowa kuchipinda. Anabwerako ndi foni ya galasi losweka pakona, n'kundipatsira ndi manja awiri. Inali foni ya amuna awo. Nditayang'ana, ndinaona mauthenga a imelo ndandanda, ofanana onse, ochokera ku seva ija. Uliwonse unkanena m'Chingerezi kuti bakapu yalephereka. Malemu anakonza kuti kapulogalamu kawo kaziwauza pa foni mmene ntchito yayendera, ndipo kankawauzadi mokhulupirika, tsiku ndi tsiku, miyezi yonseyi. Mauthenga onsewo anali otsegulidwa.

Chenjezo limene likanatipulumutsa kalekale linkalira tsiku lililonse m'nyumba yoyang'anizana ndi ofesi ya ahedi! Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse chifukwa chimene sananenere, koma iwo anayamba kuyankhula ndisanafunse.

"Ndimaitchaja usiku uliwonse, ndipo ndimaigulira bandulo. Ndimapita nayo kuntchito m'thumba la yunifolomu. Anzawo onse anasiya kuimba, magulu a pa foni anawachotsamo. Chatsala n'chimenechi. Belu likalira, imanjenjemera, ngati pali wina amene akuwafunabe." Anatenganso foni ija m'manja mwanga. "Chingerezi ndimamva, achemwali. Ndinkadziwa kuti pali chimene chalakwika. Koma ndinkaopa kuti ndikanena mudzakonza, ndiye idzasiya."

Ahedi anayang'ana pansi. Ine mkwiyo wanga unasowa kolowera. Unalipobe, sunachoke, koma panalibe munthu woti ndimuthire. Ndinangoti malo atsala ochepa kwambiri, ndipo sindikudziwa ngati tingafike sabata ya mawa.

"Ana a Fomu 4 aja ankawakonda," anatero mayiwo. "Mawa ndili ndi ntchito ya masana. Ndibwera m'mawa."

Anabweradi. Ahedi anatulutsa katoni mu kabati n'kuiika pa tebulo, koma sanaikhudzenso. Mayiwo anamatula okha tepi. Anatulutsa jekete, n'kuipinda bwino ngakhale inali yopinda kale. Anatulutsa kapu, n'kuyang'ana m'kati mwake. Kenako anapeza kabokosi kakuda kaja n'kundipatsa. Tinapita tonse kukachipinda ka seva. Ndinaimitsa kaye kapulogalamu kaja kuti kasawonjezere mtolo tili pakati pa ntchito, ndinazimitsa vi-emu, n'kukonza zonse mpaka pamene makina amafunsa ngati munthu watsimikiza. Ndinasuntha mpando. Mayiwo anawerenga dzina la amuna awo pa mizere yonse ija, kuyambira pamwamba mpaka pansi, osadumpha. Atatero anadina.

Kuphatikizako kunatenga tsiku lonse. Kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kankakwawa, nthawi zina n'kuima ndithu, ine mtima uli m'mwamba. Magetsi akanathima nthawi imeneyo, batire ya seva inali yokalamba moti sikanapirira. Alembi anabwera kangapo kudzafunsa ngati angalowetseko malikisi a kalasi imodzi yokha. Ndinawathamangitsa. Ahedi anabwera kudzafunsa ngati sizingafulumizidwe. Iwo amene anandiuza za maso a nkhono! Ndinawayang'ana mpaka anatuluka okha. Dzuwa likupendeka, mizere ija inatha, ndipo malo pa disiki anabwerera. Ndinayatsa vi-emu, alembi anatsegula kalasi ndi kalasi, zonse zinalipo.

Koma seva yopanda bakapu ndi dzira lili pamphepete pa tebulo. Ndinalumikiza kabokosi kaja, ndinakonza kapulogalamu kuti kukopera kukalephereka kazichotsa sinapushoti yake, ndinawonjezera imelo ya ahedi ndi yanga pa olandira uthenga. Ya malemu sindinaikhudze. Ndinagona kwa msuweni wanga pafupi ndi mishoni kuti ndione ndi maso anga mmene ziyendere mawa lake.

Nthawi ya belu itayandikira, mayi aja anatulukira pakhomo la kachipindako, atavala yunifolomu. Anati dzulo foni sinalire. Ndinati ndinaimitsa dala, lero ilira. Anakhala pa mpando, foni ili pamiyendo. Belu linalira. Kagetsi ka pa kabokosi kanayamba kuphethira. Foni inali zii.

"Yasiya," anatero.

"Ayi, mayi. Kale inkafulumira chifukwa inkangolephera pomwepo. Lero ikugwira ntchito. Ikamaliza inena."

Anadikira, ngakhale ndinkaona kuti akuchedwa kuntchito. Panja ana ankapita kukadya, mbale zikulira. Ine maso anali pa sikirini, kupempherera magetsi, kutukwana chamumtima disiki yochedwa ija. Patapita nthawi ndithu, kagetsi kanasiya kuphethira, sinapushoti inadzichotsa yokha monga inkayenera kuchitira miyezi yonseyi, ndipo foni inanjenjemera pamiyendo pawo.

Anaitsegula n'kuwerenga. Anawerenganso kachiwiri.

"Akuti zatheka."

"Eya. Zonse zasungidwa, za ana onse."

Ndinawauza kuti uthengawo uzibwera tsiku lililonse ngati akufuna. Panalibe chovuta, imelo ya bambo ikanatha kukhalapo mpaka kalekale, ndipo palibe amene akanadandaula. Ndinkaganiza kuti ndikuwachitira chifundo.

Anapukusa mutu. "Ayi, achotseni. Munthu tinamuika kale, koma kuno amangoitanidwabe kuntchito tsiku ndi tsiku. Ntchito yawo yatheka. Apume."

Ndinatsegula kapulogalamu kaja, n'kupeza mzere wa imelo yawo. Ulendo uno chala sichinakane, koma maso ndi amene anandivuta, moti ndinayamba ndawapukuta ndi mkono wa juzi. Nditachotsa, mayiwo anazimitsa foni ija, n'kupita nayo ku ofesi ya ahedi. Anaiika m'katoni pambali pa kapu, anapempha tepi, n'kumata okha. Kenako anakonza chitenje chawo n'kuuyamba wa kuchipatala, chifukwa odwala anali akudikira.